Ulusi wa Anthu Akufa

"Ndiye kuti yangayi ndi chiguduli chopukutira mapazi?"

Tereza adafunsa ataima pakhomo pa mwana wake, dzanja lina m'chiuno, lina litanyamula shawelo yoyera imene idali isanatuluke n'komwe m'pepala lake la kusitolo. M'nyumbamo Tiyamike adali pa mphasa akuyamwitsa. Khandalo lidali litafunda kale shawelo ina, yoluka pamanja, ya mitundumitundu.

"Yanu ndi yabwino, amayi. Tiisunge, tizidzapita nayo ku sikelo."

"Ku sikelo! Lero ndi tsiku lotuluka m'chikuta. Mudzi wonse ukubwera kudzaona mdzukulu wanga woyamba, iwe n'kumufunditsa zotola kudzala? Ine ndinagulitsa atambala anga onse kuti ndiitanitse iyi ku Chipata. Ya m'sitolo, Tiyamike, osati ya pa kaunjika ayi."

"Ndikudziwa. Koma taigwirani nokha, ndi yopyapyala ngati ukonde. Kunjaku ndi Juni, amayi. Ya azakhali a Rozi ndi yotentha. Komanso mukadziwa mmene…"

"Azakhali a Rozi, azakhali a Rozi! Kodi anakubereka ndi azakhali a Rozi? Ukudwala chikuku unkagona pa msana pa azakhali a Rozi?"

"Amayi, mukumudzidzimutsa mwana."

"Adzidzimuke, adziwe kuti ali ndi agogo!"

Mwini dzinalo adali panja pomwepo akutenthetsa madzi osambitsira khanda, ndipo adamva zonse, koma adangoweramira moto wake. Rozi adali mkazi wa Fanuel, mlongo wake wa Tereza. Fanuel adakamutenga pa esiteti ya fodya pomwe makolo ake, ochokera ku Mulanje, ankagwira utenanti, n'kubwera naye kuno kwa Mkanda ngati mtengwa. Adabwera ndi kachikwama kamodzi ndi kachitsulo kolukira kamene adapinda yekha kuchokera ku sipoko ya njinga. Kachitsuloko kankakhala kotsomeka m'duku, ndipo kakatuluka m'menemo chinthu chotayidwa chinkasiya kukhala chotayidwa. Majumbo ouluka pa msika ankawadula timizere n'kuluka zikwama ndi timphasa ta pakhomo. Juzi yong'ambika ankaimasula, ulusi n'kuuviika m'madzi otentha kuti uwongoke, kenako n'kutulutsamo zipewa ndi timasokosi ta ana.

Tinene zoona, Tereza sadali munthu woipa. Adali mayi wamasiye wolimbikira, khasu lake silinkachita dzimbiri. Koma nsanje sifunsa kuti munthu ndi wolimbikira kapena waulesi. Idamulowa pa Khirisimasi yapitayo. Kale lonse ana a sewero la kutchalitchi ankawaveka ndi iyeyo: chitenje paphewa, chitenje pamutu, basi Yosefe wabadwa. Ndiye kudabwera Rozi ndi mapiko a angelo a matumba a feteleza, zisoti za anzeru a kum'mawa za katoni zomatidwa timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a tiyi, ndi ndevu za Herode za khonje zofika pamchombo. Anthu adaseka mpaka kugwetsa misozi, adaomba m'manja, ndipo kuyambira pamenepo akuluampingo ankadutsa pakhomo pa Tereza ngati palibe nyumba.

Zimenezo akadapirira. Koma Tiyamike adali mwana wake mmodzi yekhayo, ndipo chimene Tereza ankaopa kuposa imfa ndi kutsala yekha pabwalo lija. Mkamwini wake, Kefasi, adakhala akupempha chitengwa kuti atengere mkazi kwawo ku Kapondo, koma Tiyamike ankakana, akuti sangasiye amake. Tereza ankagona tulo chifukwa cha kukana kumeneko. Tsopano adaona mwana wake akubedwa, osati ndi a ku Kapondo, koma ndi nyumba yoyandikana nayo, masana dzuwa likuswa mtengo.

Khanda lidatuluka m'chikuta litafunda shawelo ya Rozi. Adalitcha Eneya. Amayi adaluluta, adalandirana mwanayo, koma maso awo ndi zala zawo zidali pa shawelo.

"Iyi mwaluka ndi manja omwewa, mayi?"

"Kaya ine, mundilukireko yanga, ndili ndi mdzukulu m'njira."

Tereza adagawa thobwa akumwetulira ndi mano okha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa za Chipata.

Patapita masiku, amayi adasonkhana m'munda mwa Tereza kudzathandiza kuthothola mtedza. Ntchito imeneyi ndi ya zala zokha, pakamwa pamakhala pa ulova, ndiye pamafuna chochita. Rozi padalibe, adapita ku maliro ku esiteti. Zaka zimenezo maliro sankapereka mpata, matenda aja owondetsa anthu adali atalowa m'mudzi uliwonse, ndipo anthu ankaopa ngakhale kapu imene wodwala wamwera. Pafupi ndi Tereza padakhala Anastazia, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwake sinkagonamo. Kumsana adabereka mwana wovala chipewa choluka Rozi.

"Koma mlamu wanu uja, manja ake Mulungu anachita kuwadalitsa," adatero Anastazia. "Mwana wangayu chivalireni chipewachi, chimfine sanachione."

"Ee, ukaipa dziwa nyimbo," adayankha Tereza, akuponya mtedza m'dengu. Kenako adatsitsa mawu. "Ine chimandidabwitsa n'chimodzi. Ulusi. Inu munamuonapo akugula ulusi m'sitolo?"

"Amati amamasula majuzi akale."

"Majuzi a yani? M'mudzi muno ali ndi juzi yotaya ndani? Tonse timavala mpaka ithere pathupi."

"Zoonadi."

"Lero ali kuti?"

"Si apita ku maliro ku esiteti?"

"Nanga mwezi watha?"

"Ku maliro komweko."

"Tsono matenanti akamwalira, abale awo ali ku Mulanje uko, zovala zawo amagawana ndani? Mudzaone akamabwera ngati adzabwere chimanjamanja." Tereza adadzisansa dothi pa chitenje. "Ine sindinanene kanthu, mayi. Ndangofunsa."

Anastazia adapotoza mkono kumbuyo, n'kumuvula mwana chipewa chija ndi zala ziwiri, ngati akuchotsa mbozi.

Mawa lake Rozi adabweradi ndi mtolo pamutu, amayi a pa mjigo akumuyang'ana. Tereza adaona ndi maso ake mtolowo ukumasulidwa pakhonde: mudali majumbo otola pa msika wa Mkanda ndi chinangwa chimene amake adamupatsa. Adaona, n'kulowa m'nyumba mwake osanena kanthu.

Nkhani idachoka m'munda wa mtedza ili yowonda, koma m'njira idanenepa. Pa mjigo ankati Rozi amapempha zovala za anthu omwalira ndi matenda aja. Ku chigayo ankati samapempha, amachita kuvula mitembo posambitsa. Pofika pa msika, adali atayamba kufukula manda. Ndipo monga mwa khalidwe lathu loipa, aliyense ankadziwa kupatula mwini wake. Rozi ankangopeza zipewa ndi timasokosi zitakolekedwa pa mpanda wake, osadziwa wabweza ndani. Akafika pa mjigo amayi ankachotsa ana awo m'njira. Amene adaitanitsa mashawelo adayamba kudwala matenda oiwala.

Tsiku lina Rozi adamupeza Tereza akupeta mtedza, n'kugwada pambali.

"Alamu, inu ndinu eni mudzi. Tandiuzeni, ndalakwira yani? Anthu akundithawa ngati ndadzola tsabola."

"Mlendo ndi mame, mayi," adatero Tereza, maso ali m'lichero. "Za chilendo anthu amazithamangira, kenako amatopa nazo. Musadandaule."

Rozi atachoka, Tereza adamva kukoma mumtima, kukoma kwenikweni, ndipo sadachite nako manyazi. Chidamuwawa n'chimodzi chokha: Tiyamike ankamufunditsabe Eneya shawelo yomweyo. Palibe amene adalimba mtima kuuza mayi woyamwitsa kuti mwana wake wafunda za akufa, ndipo Tereza sakadanena yekha, poti Tiyamike akadafunsa kuti amayi, zimenezi mwazitenga kuti.

Kenako mphepo ya Julayi idamupeza Eneya. Adayamba ndi kutsokomola, n'kufika pobanika, tinthiti tikulowa m'kati. Kefasi adakweza mkazi ndi mwana pa njinga kuthamangira ku chipatala, Tereza akutsatira pansi, akupemphera mokweza njira yonse. Adokotala adati n'chibayo, adamubaya majakisoni, ndipo patapita masiku mwana adayambanso kuyamwa. Koma mudzi udali utamuyeza kale mwanayo n'kupeza matenda ake. Ali ku chipatala komweko, mayi wina wosamudziwa adamunong'oneza Tereza pa malo ophikira:

"Mwamva za mwana ali pa bedi la pakonayo? Akuti kwawo amafunditsa makanda zovala za m'manda."

Tereza adangoti kukamwa yasa. Nkhani yake yomwe idamupeza itamera nyanga, ndipo sinkanenanso za Rozi yekha. Inkati "kwawo."

Eneya atangotuluka m'chipatala, kudafika njinga ziwiri kuchokera ku Kapondo. Ina idanyamula a Luwiza, amake a Kefasi, ina atsibweni ake a Kefasi, amene adali ankhoswe a banjali. Adayalirana mphasa pansi pa mtengo wa mango. Fanuel, monga mwini mbumba, adakhala pa mpando wake, Kefasi chapatali pang'ono poopa apongozi, Tiyamike ndi mwana pa mphasa, Rozi kumapeto. Anthu a m'mudzi, amene ankadziwa chabwera, adayamba kudutsadutsa kuseri kwa mpanda, wina ndi ndowa yopanda madzi, wina kufunafuna nkhuku imene sidasowe.

Malonje atatha, atsibweni a Kefasi adakhosomola.

"Ife tabwera kudzapempha chitengwa. Tikufuna mwana wathu atenge banja lake, akakhale ku Kapondo."

"Chitengwa chimenechi chayambira pati?" adalumpha Tereza, Fanuel asanatsegule pakamwa. "Mwana wanga anakana kale. Mkamwini munda tinamupatsa, nyumba wamanga. Wasowa chiyani?"

"Asewere," adatero a Luwiza, "tisazungulirezungulire, tonse ndife akuluakulu. Mdzukulu wathu watsala pang'ono kutisiya. Ndipo chimene chinamudwalitsa chikudziwika kuyambira kuno mpaka kwa Dambe. Pakhomo pano mukumufunditsa zovala za anthu akufa."

"Za anthu akufa?" Tiyamike adamukumbatira mwana.

"Imene wafundayo. Akuti ulusi wake amakavula mitembo ya ku esiteti."

Rozi adakweza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana nkhope imodziimodzi, mpaka za kuseri kwa mpanda. Apa m'pamene adamvetsa za zipewa zija.

"Bodza limenelo!" adakalipa Fanuel. "Mkazi wanga ameneyu? Ndani wanena?"

"Galu wamkota sakandira pachabe, bambo," adayankha a Luwiza. "Ife sitinabwere kudzazenga mlandu wa akazi anu. Shaweloyo itenthedwe lero lomwe ife tikuona, ndipo mwana tinyamuke naye. Pakhomo pamene pamalowa zoterezi mdzukulu wanga sangakulirepo."

Walira mvula walira matope: Tereza adafuna kuti shawelo ichoke, osati mwana. Mankhwala ake adali pafupi, mawu ochepa chabe, kungoti asewere, nkhaniyi ndinaiyamba ndine ndipo ndi yabodza. Mawuwo adafika pakhosi. Koma adaona Anastazia ndi anzake kuseri kwa mpanda, adaona Rozi atakhala phee ngati woyera wa pa chithunzi, ndipo nsanje idawakankhira mawu aja m'mimba.

"Shaweloyo itenthedwe, ine ndikuvomera," adatero. "Ndinaikana chiyambire. Koma mwana wanga asapite. Ife eni mudzi zimenezi sitizidziwa. Ngati pali wochoka pano, achoke amene anabwera nazo."

"Achemwali!" Fanuel adaimirira.

"Khalani pansi, bambo," adatero Rozi.

Adayenda chogwada mpaka pa Tiyamike, n'kumukulunga Eneya m'chitenje chake cha paphewa, n'kutenga shawelo ija.

"Ine ndine mtengwa, mwana wa tenanti, pano ndilibe wondiyankhulira. Mwati itenthedwe, itenthedwa. Koma moto usadye za anthu amoyo. Aliyense ayambe watenga zake, zotsalazo n'zimene titenthe."

Adaluma mfundo ya pangodya, n'kukoka. Choluka ndi kachitsulo chili ndi khalidwe limeneli: chimatenga masabata kuti chithe, koma ukamasula mfundo yomaliza chimathawa chokha. Ulusi wachikasu wa m'mphepete udayamba kutuluka, iye akuukulunga pa zala.

"Uwu ndi wa bambo a mwanayu. Masokosi anu a mpira aja, a Kefasi, amene anabooka zidendene." Adaponya kampira ka ulusi wachikasuwo pamapazi pa Kefasi.

Kefasi adakatola, n'kukatembenuza. "Ndi omwewo," adatero motsitsa. Kuseri kwa mpanda wina adaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Udatsatira wofiira. "Uwu ndi wa amuna anga, juzi imene inapsa mkono m'chigafa cha fodya. Uwu wobiriwira ndi wa Tiyamike, juzi yake ya ku pulayimale." Shawelo inkachepa pamiyendo pake. Kudatuluka wa buluu, ndipo Rozi adauika ndi manja awiri patsogolo pa a Luwiza. "Uwu ndi wanu, mayi. Juzi imene munamupatsa mpongozi wanu pa chinkhoswe. Njenjete zinaidya kumsana, iye anakana kuitaya, akuti mphatso ya apongozi sataya."

A Luwiza adauyandikitsa kumaso. Adauyang'ana nthawi yaitali, kenako adaphimba pakamwa ndi ngodya ya chitenje.

Pamiyendo pa Rozi padatsala kachigawo ka pakati, kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu kawiri, ka mtundu wa khofi. Tereza adakazindikira kasanamasulidwe.

"Aka ndinene ndine," adatero Tiyamike. "Amayi, ndi juzi yanu ija munkavala ine ndili wamng'ono, imene munkandifunditsa popita ku munda m'mawa. Munaiyala m'dengu loikiramo nkhuku mazira. Ndinaichotsa ndine, ndinaichapa katatu, n'kupempha azakhali kuti iyi ikhale pakati penipeni, pamene pamagona msana wa mwana, kuti Eneya azigona pa agogo ake. Ndimafuna kukuuzani tsiku lotuluka m'chikuta lija. Munandipatsa mpata?"

Rozi adamaliza kukoka. Adaika kampira ka khofi patsogolo pa Tereza, n'kutambasula manja ake onse awiri kuti anthu aone. Mudalibe kanthu.

"Za akufa zatsala ziti, kuti ndikapale moto?"

Ngakhale nkhuku zidaoneka ngati zachita manyazi.

"Tsopano ine ndikufuna mwini nkhani," adatero Fanuel, mawu ali gwaa. "Mkazi wanga wakhala akuthawidwa ngati wakhate m'mudzi mwanga momwe. Mayi, inu munamva kwa yani?"

A Luwiza adati adamva kwa mayi wogulitsa mandasi pa Mkanda. Wa mandasiyo, adatero wina kuseri kwa mpanda, adamva ku chigayo. Nanga ku chigayo idapita ndi yani? Mitu yonse idatembenukira kwa Anastazia, amene adali atayamba kale kubwerera chambuyo ndi ndowa yake.

"Ine musandipachike!" adakuwa. "Ine ndinamva kwa eni nyumba, m'munda wa mtedza. Anandiuza ndi a Tereza omwewo, ndine ndani ine kuti ndiwatsutse pa za m'banja mwawo?"

"Ine ndinangofunsa!" adatero Tereza. "Anastazia, nena zoona, si ndinati ndangofunsa?"

"Munafunsa ine? Bwanji simunafunse mlamu wanu, poti khomo lake layang'anana ndi lanu?"

Fanuel adamuyang'ana mlongo wake, n'kupukusa mutu. "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mukanakhala munthu wina, achemwali, lero tikanafika patali."

Atsibweni a Kefasi adavula chipewa. Adapepesa kwa Rozi, a Luwiza nawo adapepesa mpaka misozi, akuti makutu anawapusitsa. "Za chitengwa zija tabweza," adatero ankhoswewo. "Tinabwera ndi mantha, mantha atha. Mwana akhale pomwe ali."

Tereza adapuma mpweya umene adaugwira chiyambire m'mawa. Manyazi adalipo, inde, aakulu, koma manyazi amatha, anthu amapeza nkhani ina. Chachikulu mwana watsala.

"Musabweze, atsibweni," adatero Tiyamike. "Ndipita."

"Tiyamike!"

"Ndipita ku Kapondo, amayi."

"Wamva wekha akuti ukhale! Nkhani yatha, apepesana. Ukufuna kundisiyira yani? Ndidzadwala, adzanditungira madzi ndani?"

"Mwana wanga akubanika pa bedi la chipatala, anthu ankandiyang'ana, akunong'onezana, ine osadziwa chifukwa chake. Inu munkadziwa, tili limodzi, mukundiphikira phala. Eneya akanamwalira, azakhali bwenzi atawagenda miyala m'mudzi muno. Inu munali chete. Lero lomwe lino mwapatsidwa mpata, mwati achoke ndi iwowo."

"Ndinachita chifukwa cha iwe, mwana wanga! Unali utayamba kundiiwala. Chilichonse azakhali, chilichonse azakhali. Ine ndilibe wina, ndiwe wekha."

"Ndikudziwa, amayi. Ndiye mawa Eneya akadzakonda aphunzitsi ake, kapena agogo ake a ku Kapondo, mudzafunsanso funso lanji, kwa yani?"

Tereza adayang'ana kwa Fanuel, poti mwini mbumba akakana chitengwa sichitheka. Fanuel adayang'ana kumbali.

"Ndinkakana chifukwa mwini wake ankakana," adatero. "Lero wavomera."

Sabata yotsatira Kefasi adabwereka ngolo. Adapakira mphasa, ndowa, matumba a mtedza, chitseko cha nyumba yawo, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Tereza adasesa bwalo lake m'mawa umenewo, n'kulibwereza, n'kulibwerezanso, kuti apeze chifukwa chokhalira panja. Adaona Tiyamike akulowa kwa Rozi kukatsazika. Adaona Rozi akutuluka atamunyamula Eneya, akumuvinitsa, akumununkhiza pakhosi, Fanuel naye n'kumulandira, n'kumukweza m'mwamba. Nsanje ija idamulasanso pomwe paja, koma tsopano idalibe kopita.

Pomaliza Tiyamike adamubereka mwana kumsana, adamanga chitenje zolimba, n'kubwera kudzagwada patsogolo pa amake, patali pang'ono.

"Tsalani bwino, amayi. Ufa ndakusiyirani mu ndowa yaikulu. Mukadwala mutumize uthenga."

Tereza adagwetsa tsache. Adapukuta manja pa chitenje, n'kuwatambasula onse awiri.

"Bwera naye kuno, ndimunyamuleko pang'ono."

Tiyamike adaimirira, n'kukokanso mfundo ya chitenje pachifuwa.

"Wagona, amayi."

Adatembenuka kulunjika ku ngolo. Kumsana kwake Eneya adali maso, akuyamwa kachibakera kake, ndipo adawayang'ana agogo ake mpaka ngolo idakhota pa mjigo.